Mathero Amene a Tochi Sanawaone

Chipsera chili pamphumi pangachi musayese kuti ndinagwa pa njinga. Ndi tochi ya achimwene. Makasitomala akabwera kudzayesa zovala amachiyang'anitsitsa, ena amafunsa, ena amangomeza mate. Ine sindibisa, ndimawauza kuti anandimenya ndi mchimwene wanga, bere limodzi, chifukwa cha filimu. Amaseka, kuyesa ndikucheza. Akanawadziwa a Tochi sakanatulutsa mano.

Achimwene ankagwira ntchito ku holo ya kanema, ija ya mipando yofiira imene pano akugulitsiramo matiresi. Sanali oyendetsa makina, ngakhale ankakonda kuti anthu aziganiza choncho. Ntchito yawo inali yolondolera anthu pamipando mumdima ndi kutontholetsa olongolola. Bwana anawapatsa jekete la mabatani onyezimira ndi tochi yachitsulo, yaitali ngati mpini wa khasu la mwana, yolemera koopsa ikadzaza mabatire. Dzina limene anawapatsa amayi linafera pomwepo. Tauni yonse inangoti a Tochi, ndipo tochiyo inaunikira anthu ochepa kuyerekeza ndi amene inawatupitsa mitu.

Ukaika mapazi pampando wakutsogolo, tochi pabondo. Ukasuta, tochi pamkono. Koma mlandu waukulu, woposa kuba, unali kunena mathero a filimu. Pamenepo sankachenjeza ayi. Unkangomva kuti gu! kenako munthu akulira mumdima, filimu ikupitirira.

Ine anandimenya ndili kamtsikana. Anandilowetsa ulere tsiku lina, ndinaonera filimu ya mayi wina woyendetsa sitima ya pamadzi. Madzulo tikudya ndinangoti, "Koma mayi uja kumira kwake, ine ndinalira." Sindinamalize n'komwe kutafuna. Ndinadzidzimuka ndili chagada pansi, magazi akulowa m'maso, amayi akukuwa atawagwira achimwene pakhosi. Iwo anangoima, tochi ili m'manja, n'kumati, "Wandiphera filimu. Wandiphera filimu mwana ameneyu." Ndinadana nawo kwa zaka zambiri, ndipo ndikanena kuti chidanicho chinatheratu ndikhala ndikunama.

Ndinadzamvetsa nditakula chimene chinkawapengetsa. Achimwene sanaonepo mathero a filimu iliyonse m'holo muja. Filimu ikamayandikira kumapeto, bwana ankafuna zitseko zitsegulidwe anthu asanayambe kukankhana. Ndiye panja pankakhala chigulu cha anyamata odikira mpata womwewo, kuti alowe mozemba n'kubisala pansi pa mipando mpaka chionetsero chotsatira. Achimwene ankatuluka kukalimbana nawo. Zibakera, mateche, tochi, wina kumukoka mwendo, wina kumuponyera mu ngalande. Akamabwerera mkati, malaya atang'ambika, magetsi anali atayaka, anthu akudziwongola. Munthu ankadziwa chiyambi cha filimu iliyonse ngati dzanja lake, koma mathero ankangowasunga mumtima kuti tsiku lina adzawaona yekha ndi maso ake. Ndiye iwe ubwere uwalavule pakamwa ngati nthanga?

Mmodzi mwa amene anaphunzira mowawa anali mnyamata wina amene pambuyo pake anadzakhala wabutchala pamsika. Tsiku lina filimu ili pakati anaimirira n'kukuwa kuti, "Wakuphayo ndi dokotala!" Tochi inamupeza pakhutu lakumanzere. Magazi anatuluka m'khutumo mpaka kunyowetsa kolala, ndipo kuchokera tsikulo khutulo linagontha. Achimwene anamuduudza mpaka panja n'kumuuza kuti asadzapondenso pakhomopo. Anakula akupendeketsa mutu akamamvetsera, anthu n'kumutcha Khutu. Ndikamakagula nyama ankandipimira bwinobwino, koma akamadula fupa ankandiyang'ana ine m'maso, osati fupalo.

Pa mafilimu onse panali imodzi imene inawalowa achimwene m'magazi. Inali yakale, yopanda mitundu, ya anthu awiri apachibale ocheka matabwa m'mbali mwa mtsinje. Wamkuluyo anali nkhanza zokhazokha. Ankamenya mng'ono wake ndi lamba, anamulanda mkazi, anamuphera galu. Kumapeto wamkuluyo anapsinjidwa mwendo ndi chipika, madzi akukwera, ndipo mng'onoyo anafika ndi nkhwangwa n'kuikweza m'mwamba. Pamenepo ndi pomwe achimwene ankapita kukatsegula zitseko. Filimuyo inakhala sabata imodzi, n'kupita osabweranso. Kodi anatema chipikacho kuti amupulumutse, kapena anatema mkulu wake? Funso limeneli achimwene anagona nalo, kudzuka nalo, mpaka imvi.

Holo itatsekedwa, jekete anabweza koma tochi anakana nayo. Nthawi imeneyo kunali kutabwera matepi. Anachita lendi chipinda chogundizana ndi shopu yanga ya utelala, n'kuikamo mabenchi, TV ndi deki yoseweretsera matepiwo, pawindo n'kukhomapo bulangeti. Khoma lake linali la mabolodi, ndiye ine ndinkasoka ndikumva mfuti ndi kukuwa tsiku lonse, osadziwa kuti kukuwako n'kwa m'filimu kapena kwa kasitomala.

Bizinesiyo ankaichita akuinyoza. Anyamata ankafuna mafilimu a anthu ouluka, ndipo iwo ankawaikira uku akutukwana. "Taonani zopusazi! Munthu amumenya ndi chitsulo, wadzuka, wasasa fumbi, tsitsi silinasokonekere. Akale ankadziwa kuti thupi ndi nyama. Chibakera chimodzi, munthu pansi, filimu yonse akuyenda chotsimphina." Wina akapempha kuti abwezere ndewu m'mbuyo aionenso, ankamuloza ndi tochi. "Kwanu mukamenyedwa mumabwezera m'mbuyo? Filimu imapita kutsogolo basi." Za anthu oonera kunyumba kwawo ndiye osanena. Ankati munthu woimitsa filimu kuti akatunge madzi ndi wofanana ndi wotuluka m'maliro kukagula fodya.

M'chipinda chimenechi mathero ankawaona tsopano, koma a mafilimu amene sankawafuna. Ija ya nkhwangwa inalibe tepi paliponse.

Diso lakumanzere la achimwene linathera momwemo. Magetsi anazima filimu ili pakati, anthu anayamba kuswa mabenchi, ndipo botolo linachokera mumdima. Ndinawapeza atakhala pansi, dzanja lili kumaso, madzi a diso osakanikirana ndi magazi akutsika m'zala. Koma dzanja linalo linali litakumbatira deki. Ndinawakalipira njira yonse ya kuchipatala. "Achimwene, mudzafera makina inu! Deki ili ndi ana?" Anangoti, "Iwe soka madiresi."

Patapita zaka, lakumanja linayamba kuchita chifunga. Adokotala ananena mosazungulira kuti mtsempha wa disolo ukuuma, ndipo palibe mankhwala. Tsiku lililonse kuwala kunkachepa. Anayamba kukhala pafupi ndi TV, kenako pafupi kwambiri, mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Apa m'pamene nkhani ya nkhwangwa inasanduka matenda. Aliyense wopita kutali ankamutuma. Madalaivala, ogulitsa zovala zakaunjika, ngakhale abusa. Dzina la filimuyo ankalitchula mokhota moti palibe ankalimva, ndiye ankangofotokoza kuti, "Ya anthu awiri, mtsinje, nkhwangwa." Anawabweretsera zambirimbiri zolakwika. Anthu anali atasiya kale matepi, ali pa madisiki ndi mafoni, ndipo mabenchi ankakhala opanda anthu. Ine ndinkaona munthu akuthamangitsana ndi mdima, ndipo ndinkawamvera chisoni ngakhale sindinkafuna.

Tsiku lina dalaivala wa lole, mnzawo wakale, anafika ndi katoni ya matepi imene anaitola m'shopu ina yobwereketsa mafilimu itatsekedwa. Achimwene anayesa imodziimodzi. Ndili pa makina anga ndinamva nyimbo ya zitoliro kuseri kwa khoma, kenako tepi inaima, kenako zii. Ndinathamangira komweko kuopa kuti agwa. Ndinawapeza ataima, tepi ili pachifuwa, diso limodzilo likutuluka misozi.

"Ndi imeneyi," anatero.

"Ndiye mwaimitsiranji? Ikani, muonere pompano!"

"Ndekha?"

"Ine ndilipo. Ndikhala chete ngati mtembo."

"Iwe, filimu si chimbudzi choti ulowe wekha n'kudzitsekera. Imeneyi ndi ya holo yodzaza. Loweruka masana."

Ndinapsa mtima mpaka ndinaponya sizasi pansi. "Achimwene, diso lanu likudikira Loweruka? Zengerezu adalinda kwawukwawu! Onerani lero, Lowerukalo mudzaonetse anthu." Anandiyang'ana ngati ndanena zotukwana. Kwa iwo kuonera mathero pawekha, mobisa, kunali kuba. Anafuna kuwaona mmene anthu a m'holo ija ankawaonera, onse pamodzi kupuma mpweya umodzi. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu la achimwene linali lachikopa.

Analemba ndi choko pabolodi panja, zilembo zokhotakhota chifukwa sankaziona bwino, kuti Loweruka kuli filimu yeniyeni ndipo kulowa n'kwaulere. Anayenda msika wonse akulengeza. Vuto lake, chisangalalo chinawamasula pakamwa. Chinsinsi chimene anachisunga moyo wonse anachiulula okha, kuti mathero ake sanawaonepo ndipo akufuna kuwaona diso lisanatseke. Analengeza zimenezi ngakhale pamzere wa mabutchala.

Loweruka chipinda chinadzaza. Kunabwera madala amene ankaikumbukira holo yakale, amayi a pamsika, ndi anyamata ongofuna zaulere. Achimwene anasita malaya oyera, nsapato anapolisha, tochi anaikamo mabatire atsopano. Analondolera aliyense pabenchi ngati kale, ngakhale dzuwa linali phwee panja. Kenako anakhala kutsogolo penipeni pa kampando kawo. Ine ndinatseka shopu n'kuima kukhomo. Filimu itangoyamba ndinaona Khutu akulowa ndi anzake awiri, epuloni yamagazi ili m'chiuno. Anakhala kumbuyo, phee, mutu atapendeketsa.

Chithunzi chinali chodumphadumpha, mizere ikuyenda, koma anthu anagwidwa. Wamkulu uja akukwapula mng'ono wake, amayi ena ankatukwana mokweza, achimwene osawaletsa n'komwe. Milomo yawo inkayenda limodzi ndi ya anthu a m'filimu. Chipika chinagwa. Madzi anayamba kukwera. Mng'ono uja anatulukira m'mitengo ndi nkhwangwa paphewa, ndipo ndinaona msana wa achimwene ukuwongoka.

Pamenepo Khutu anadzuka. Anayenda mosafulumira pakati pa mabenchi, anakaima kutsogolo kwa TV n'kuitchinga ndi thupi lake lonse, nadina batani loimitsa.

"A Tochi," anatero, "mukundikumbuka? Lankhulani mbali iyi, inayi munatseka ndinu."

"Choka apo."

"Mwavutika zaka zambiri, bambo. Bwanji ndikuthandizeni? Ndikuuzeni mmene ithere. Mnyamatayu akakweza nkhwangwa..."

Sindinadziwe kuti nkhalamba ingalumphe choncho. Tochi inamupeza pakamwa mawu asanatuluke, ndipo phokoso lake linali ngati mbale yadothi yagwa pasimenti. Mano anawazika pansi. Khutu anagwada, achimwene anamumenyanso pachibwano, n'kumukwera pachifuwa, dzanja limodzi atamutseka nalo pakamwa, magazi akutumphuka m'zala. Ankakuwa kuti, "Usanene! Usanene!" Anzake a Khutu anafika ndi benchi n'kuwaphwanya nalo pamsana. Chipinda chonse chinagalukira. Amayi kukuwa, madala kupondedwa, anyamata kumenya aliyense amene ali pafupi, poti ndewu yaulere sasankha. Ine ndinalowa ndi ambulera ya munthu wina, ndinamuswa nayo mmodzi pamphuno mpaka inapindika. Wina anandikoka tsitsi, ndinamuluma dzanja mpaka ndinamva mchere.

Ndikutembenuka ndinaona Khutu atadzuka, kukamwa kuli bowo lofiira. Anapapasa m'thumba la epuloni n'kutulutsa chitsulo chija amanolera mipeni. Achimwene anali chogwada, akukwawira ku deki, chala chili patsogolo kufuna batani. Sankayang'ananso za ndewu. Ndinakuwa, koma mawu anga anamira m'phokosomo. Khutu anawamenya kamodzi kokha, chopingasa kumaso, mbali ya diso lotsalalo.

Anthu anathawa onse. Munatsala ine, mabenchi othyoka, nsapato za eni ake, ndi achimwene atagona chammbali. Pa TV mnyamata uja anali chiimire ndi nkhwangwa paphewa, chithunzi chikunjenjemera. Achimwene anati, "Mlongo, ndani wazimitsa?" Ndinawauza kuti palibe wazimitsa. Diso lotsala lija linali litatseka.

Kuchipatala anawagoneka wodi imodzi ndi Khutu, mabedi oyang'anizana, wapolisi ali pakhomo. Wina bandeji kumaso, wina nsagwada zomangidwa ndi waya. Tsiku lina achimwene ali mtulo ndinapita pabedi la Khutu. Ndinali ndi mawu amene ndinawakonza usiku wonse, oti akawamve ngakhale ndi khutu logonthalo. Ndinamuuza kuti ndi galu, kuti akanatha kudikira filimu ithe n'kuwamenya panja ngati mwamuna. Analankhula kudzera m'mawayamo, movutika, malovu akutsika.

"Filimuyo sindinaionepo."

"Wati chiyani?"

"Ndikanaionera kuti? Si anandiletsa kulowa m'holo? Mathero ake sindiwadziwa. Ndimangofuna aone mmene zimawawira."

Ndinakhala pabedi la mdani. Anthu awiri akuluakulu anaphwanyana nkhope chifukwa cha mawu amene panalibe. Ndinafuna kuseka, ndinafuna kumulavulira, koma ndinangolira. Achimwene sindinawauze zimenezi, ndipo mlanduwo unathera m'malere chifukwa aliyense anakana kudandaula za mnzake.

Atatuluka ndinawatengera kwanga. Kwa milungu ingapo sanatchule za filimu. Ankangokhala pakhonde, tochi ili pamiyendo, akuiyatsa ndi kuizimitsa, kuilozetsa kumaso kwawo ngati mwina pangadutse kanthu. Ndiye masana ena ndikupinda nsalu anati, "Deki ija inapulumuka?" Ndinati inapulumuka, ndipo tepi ikadali momwemo. Anati, "Kaitane anthu."

Ndinapita kukagogoda kwa aneba. Anabwera amayi awiri ndi mkulu wina wokonza nsapato, n'kukhala pamkeka m'chipinda changa chochezera. Holo yake inali imeneyo. Achimwene anakana kuyambira pomwe inaimira, anati filimu imayambira pachiyambi. Anakhala tsonga, nkhope yoyang'ana kumene kunkachokera mawu, akutiuza zimene zikubwera mwa kungomva nyimbo. "Apa akunola macheka. Apa galu uja wafa." Chipika chinagwa, madzi anakwera, mnyamata anafika n'kukweza nkhwangwa.

Abale anga, mathero a filimu imeneyo alibe mawu. Palibe wolankhula, palibe wokuwa. Kumangomveka madzi, kenako kugunda kumodzi, kenako zitoliro mpaka zilembo zitakwera. Amayi aja anagwira pakamwa. Wokonza nsapato anayang'ana pansi. Tepi inafika kumapeto n'kudzitulutsa yokha, ndipo tonse tinakhala chete, maso ali pa tochi ija. Ndani akanayamba?

"Nkhwangwa yagunda chiyani?" anafunsa achimwene.

Chipsera changa chinayamba kuyabwa.

"Mlongo, ndikufunsa iwe."

"Achimwene, ine munandiphunzitsa kale. Mphumi ndili nayo imodzi."

Kenako anapapasa mpaka anapeza bondo langa, n'kuika tochi ija pamiyendo panga. Inali yolemera kuposa mmene ndinkaganizira, yopindika kumutu, galasi losweka. Moyo wanga wonse ndinali ndisanaigwirepo. Anabweza manja awo n'kuwapinda pachifuwa, mutu ataweramitsa patsogolo panga, imvi zokhazokha ndi mabala. Ndinaiyang'ana tochiyo, ndinayang'ana mutuwo, ndipo ndinakumbuka kamtsikana kaja kali chagada pansi. Dzanja langa linaigwira zolimba.

"Nena," anatero.

"Watema mkulu wake."

"Osati chipika?"

"Osati chipika. Pamutu."

"Kangati?"

"Kamodzi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Eya. Akale sankanama. Akanatema chipika ikanakhala filimu ya ana." Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Nanga nkhope yake? Atamutema anaoneka wokondwa?"

Ndinawauza zoona, kuti ayi. Mnyamatayo anakhala pansi m'madzimo, n'kunyamula mutu wa mkulu wake kuuika pamiyendo kuti usamire.

Mapewa a achimwene anayamba kugwedezeka, ndipo aneba anatuluka mmodzimmodzi osatsanzika. Ine ndinaika tochi pansi, ndinawakokera kwa ine, ndipo tinalira tonse awiri ngati ana amasiye, TV ikungowaza mchenga.

Anakhala nane mpaka tsiku lawo lomaliza, ndipo sanapemphenso kuti ndiwaikire filimu ina iliyonse. Tochi ili mu dilowa ya makina anga osokera, pamodzi ndi ulusi ndi mabatani. Magetsi akazima ndimayatsa kandulo.